NYAMA ZIMENE MAKOLO ADALEMBA PA DOTHI

Amai ndi abambo, mwagwira khasu tsiku lonse, ndipo madzulo ano mwabwera kudzagwira pensulo. Tikuthokozani. Phunziro lino ndi lalitali. Tiziliŵerenga pang'onopang'ono, gawo limodzi pa tsiku. Amene akuŵerenga bwino athandize anzao.

1. Kulemba sikudayambe ndi pensulo

Kaŵirikaŵiri m'kalasi mwathu timamva munthu wamkulu akudzitcha mbuli chifukwa sadziŵa kuŵerenga. Mau ameneŵa amatiŵaŵa. Amai onena chonchi ndi omwe aja amaumba mitsuko yosadontha. Ndi omwe aja amadziŵa tanthauzo la nsato, la fulu ndi la birimankhwe. Ife aphunzitsi ndife ana anu, ndipo zambiri mwa zimenezi sitizidziŵa.

Taganizani za liu loti kulemba. Timati mwana akulemba m'kope. Koma woumba mbiya akamakanda mizere pakhosi pa mphika ndi kamtengo, timatinso akulemba mphikawo. Liuli lidalipo pepala lisanafike kuno.

Makolo athu analibe zilembo za a, e, i, o, u. Koma ankalemba maphunziro ao ndi zithunzi, makamaka zithunzi za nyama. Ankazilemba pa dothi, pa mwala ndi pa udzu woluka. Chithunzi chimatha kukhala zaka zambirimbiri. Tanthauzo lake limakhala m'kamwa mwa anthu. Odziŵa akamwalira osauza ena, chithunzi chimatsala chopanda mau.

M'phunziro lino tiyamba ndi za kwathu kuno. Kenaka tipita kutali, ku dziko la Peru, kukaona mitsuko ya anthu a Inca. Tikabwerako tidzafunsana chimene tiyenera kuchita.

2. Mbiya zathu

Pakhomo pa munthu pamakhala mbiya zamitundumitundu. Mtsuko ndi wa madzi. Nkhali ndi ya nsima. Mphika ndi wa ndiwo. Mbiya yaikulu ndi ya moŵa kapena thobwa. Ikasweka sititaya, phale lake timakazingira chimanga.

Woumba amakatapa dothi ku mtapo. Amalisinja, nachotsa timiyala. Amaumba ndi manja, popanda makina. Amasalaza ndi chitsononkho ndi kamwala. Mbiya ikauma pamthunzi amaiotcha ndi nkhuni ndi makungwa.

Luso limeneli ndi lakale kwambiri. M'chigawo chathu cha Tete, kumpoto kwa Zambezi, kuli phanga lotchedwa Chifumbaze. M'chaka cha 1907 mzungu wina wa ku Germany, dzina lake Carl Wiese, adakumba m'phangamo napeza mapale akale. Pambuyo pake akatswiri ofukula zakale adatenga dzina la Chifumbaze natchulira mbiya za alimi oyamba a mbali ino ya Afrika. Alimiwo adafika ndi chitsulo, mbeu ndi mbiya zaka zoposa 1,500 zapitazo.

Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza ku Malaŵi, kunali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri wa ku Malaŵi, Yusuf Juwayeyi, adakumba pamalopo. Adapeza mapale ochuluka, mikanda, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China.

Tikayang'ana mapale akale ndi mbiya zathu za lero, tiona chinthu chimodzi. Pa mbiya zophikira palibe nyama. Pali mizere, madontho ndi timizere topingasana. Nanga nyama makolo ankazilemba pati?

3. Nyama za dothi

Yankho loyamba lili kudambo. Anyamata oŵeta ng'ombe akakhala pansi amatapa dothi naumba ng'ombe. Amaika nyanga ndi linunda. Amamanga kakhola ka timitengo. Kuno ku Angónia, kumene Angoni a Maseko adakhazikika m'tsinde mwa phiri la Domwe cha m'ma 1870, ng'ombe ndi chuma ndiponso ulemu wa banja. Mwana woumba ng'ombe akuseŵera, koma akuphunziranso chimene akulu ake amachilemekeza.

Yankho lachiŵiri lili ku chinamwali. Anamkungwi a Acheŵa sankalangiza ndi pakamwa pokha. Ankaumba zithunzi za dothi zotchedwa vilengo. Ofufuza amene adakhala pakati pa Acheŵa a kum'maŵa kwa Zambia adaona vilengo za nsato, za ng'ona ndi za fulu. Chilengo chilichonse chinali ndi nyimbo yake ndi mwambo wake. Namwali ankaona ndi maso, namva ndi makutu, ndipo sankaiŵala.

Panalinso chingondo. Ichi ndi chithunzi cha nyama choumbidwa ndi dothi, chokometsedwa ndi madontho oyera, ofiira ndi akuda. Namwali ankachisenza pamutu povina, anthu onse akuona.

Chinamwali chikatha, zithunzizi ankaziswa kapena kuzifafaniza. Sankazisunga m'nyumba. Ndi chifukwa chake ofukula zakale amapeza mapale ambiri, koma vilengo sazipeza. Buku la anamkungwi linkalembedwa sabata imodzi n'kufufutidwa. Losungiramo lake linali mutu wa namwali.

Tanthauzo lakuya la vilengo ndi la amai ovinidwa. Sitililemba m'kabuku kano. Za kutsimba n'za kutsimba.

4. Nyama za pa mwala

Yankho lachitatu lili m'mapanga. Tikadutsa malire pa Calomue n'kuloŵa ku Dedza, timaona phiri la Chongoni. M'nkhalango ya phirili ndi m'mapiri oyandikana nalo muli malo 127 okhala ndi zithunzi za pa mwala. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika malowo m'kaundula wa chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Zithunzizo zili mitundu iŵiri. Zofiira ndi zakale koposa. Zambiri ndi mizere ndi zozungulira. Adazilemba ndi Akafula, alenje aafupi aja amene nthano zathu zimaŵakumbukira. Zoyera adazilemba ndi alimi, makolo a Acheŵa. Ankasungunula dothi loyera, nalemba ndi chala.

Zithunzi zoyera zambiri ndi za nyama zotambasula miyendo inai, zooneka ngati tikuziyang'ana kuchokera pamwamba. Zina zikunga buluzi. Zina zikunga ng'ona kapena birimankhwe. Zina zikunga chikopa choyanika padzuŵa. Zambiri zili ndi madontho. Zoterezi zimapezeka ku Mphunzi ndi ku phanga la Mwana wa Chentcherere.

Kwa zaka zambiri alendo ankayang'ana zithunzizi osadziŵa kuti n'za chiyani. M'chaka cha 1972 katswiri wina, Desmond Clark, adakumba pansi pa phanga la Mwana wa Chentcherere napeza zida za anthu akale. Koma khasu silingafukule tanthauzo. Mai wina wofufuza, Leslie Zubieta, adatsata njira ina. Adakhala pansi ndi amai achikulire a Acheŵa naŵamvetsera. Buku lake la 2006 likusonyeza kuti zithunzi zoyera za m'phangalo zikugwirizana ndi chinamwali cha atsikana. Ndiye kuti phangalo linali sukulu, ndipo mwala unali bolodi.

Taonani bwino mfundo imeneyi. Anthu ophunzira m'masukulu akuluakulu sadathe kuŵerenga mwalawo paokha. Oŵathandiza anali amai a kumudzi, onga inu.

Malire a pakati pa Mozambique ndi Malaŵi adaŵalemba azungu m'chaka cha 1891. Mwambo wolemba pa mwala udalipo kale malirewo asanabwere. Choncho za ku Chongoni ndi zathunso.

5. Chifukwa chiyani nyama?

Mwina wina afunsa kuti bwanji makolo sankangolemba anthu. Yankho lili m'nthano ya Kaphirintiŵa, kaphiri ka m'mapiri a Dzalanyama, m'malire momwemo.

Nthanoyo imati pachiyambi Chauta adatsika ndi mvula, pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse. Mwala unali wofeŵa, ndipo mapazi ao adadinda pamenepo. Onse ankakhala mwamtendere. Tsiku lina munthu adapeka timitengo tiŵiri, moto n'kuyaka. Tchire lidapsa. Nyama zidathaŵira kuthengo zili ndi mkwiyo. Galu ndi mbuzi zidathaŵira kwa munthu. Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Kuyambira pamenepo munthu, nyama ndi Chauta adalekana.

Choncho kwa makolo nyama sinali ndiwo chabe. Inali mbale wathu amene tidasiyana naye. Nyama iliyonse idasenza phunziro lake.

Njoka idasenza nkhani ya mvula. Ku kachisi wa ku Msinja, m'dera la Lilongwe, kunali Makeŵana, mai wopempha mvula m'malo mwa anthu onse. Mzimu wa pakachisipo unkatchedwa Thunga, ndipo unkaoneka ngati njoka. Nsato inkalemekezedwa, osaphedwa wamba.

Birimankhwe adasenza nkhani ya moyo ndi imfa. Adatumidwa kukauza anthu kuti akafa adzaukanso. Iye adayenda mozengereza. Buluzi adathamanga nafika msanga ndi uthenga woti wakufa wapita ndithu.

Fulu ndi wodekha, wosunga zake m'chigoba. Kalulu ndi wochenjera. Fisi ndi wadyera. Izi ngakhale mwana amazidziŵa, chifukwa adazimva pamoto madzulo.

Nayo Gule Wamkulu ali ndi zilombo zake. Kasiyamaliro amaoneka ngati nyama yaikulu ya nyanga, yonga ntchefu, yolukidwa ndi makoko a chimanga. Amabwera pa maliro ndi pa mpalo kudzaperekeza mzimu wa womwalira. Njovu imatuluka pa mwambo waukulu wokha, monga wa mfumu. Zilombo zikaloŵa m'bwalo, nyama, mizimu ndi anthu amakumananso kanthaŵi, monga zidaliri pa Kaphirintiŵa. Ku phanga la Namzeze, komweko ku Chongoni, zilombo zoterezi zidalembedwa pa mwala. M'chaka cha 2005 UNESCO idalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Malaŵi, Mozambique ndi Zambia ndi chuma cha anthu onse. Za kudambwe tazisiya kwa eni ake.

6. Ulendo wa ku Peru

Tsopano tinyamuke. Kuti tidziŵe njira, tiyang'ane m'munda mwathu. Kacheŵere amene timalima kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, n'kumagulitsa pamsika wa Ulongwe, si mbeu ya makolo athu. Kwao ndi ku mapiri a Andes, ku South America, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic. Anthu a kumeneko adayamba kumulima zaka zikwi zingapo zapitazo, pafupi ndi nyanja ya Titicaca. Amakonda kwathu kuno chifukwa nakonso ndi kumtunda kozizira.

Kumapiri kumeneko kunali ufumu waukulu wa a Inca. Likulu lao linali mzinda wa Cusco, m'dziko limene lero ndi Peru. Mzindawu uli pamtunda wa mamita ngati 3,400. Phiri lathu la Domwe lingopitirira pang'ono mamita 2,000. Ufumuwo udayamba kukula m'chaka cha 1438, pa nthaŵi ya mfumu Pachacuti. Udafika ku maiko amene lero ndi Ecuador, Bolivia, Chile ndi Argentina. Chilankhulo chao, Quechua, anthu mamiliyoni akuchilankhulabe.

A Inca anali alimi a chimanga ndi kacheŵere ngati ife. Analibe zilembo ngati makolo athu. Poŵerengera anthu ndi zokolola ankamanga mfundo pa zingwe zotchedwa khipu. Mbiya ankaumba ndi manja kapena m'zikombole, popanda makina ozunguza.

Iwo sadali oyamba kuumba m'dzikomo. Kale kwambiri, kuyambira cha m'ma 100 mpaka cha m'ma 800, m'mbali mwa nyanja munali anthu otchedwa Moche. Aŵa ankaumba mtsuko wathunthu m'maonekedwe a nyama: kadzidzi, chule, gwape, nsomba. Mitsuko yao yambiri ikusungidwa mu mzinda wa Lima, m'nyumba ya zinthu zakale yotchedwa Museo Larco. A Inca adatsata njira ina. Pa mbiya zao ankakonda mizere, madontho ndi zithunzi zonga masamba, zofiira, zakuda ndi zoyera. Nyama inkakhalapo, koma yaing'ono, yoti munthu aifunefune.

7. Mtsuko wa a Inca ndi nyama zake

Mtsuko wodziŵika koposa wa a Inca umatchedwa urpu. Uli ndi khosi lalitali ndi mlomo wotambasuka. Pansi pake ndi posongoka, kotero amaukhazika m'kadzenje, ndipo pothira amangoupendeketsa. M'mbali muli zogwirira ziŵiri. Pansi pa khosi pali kanthu kotumphuka, ndipo kaŵirikaŵiri kanthuka kadaumbidwa ngati mutu wa nyama yolusa ya mtundu wa mphaka.

Kamutu aka kanali ndi ntchito. Wonyamula ankapisa chingwe m'zogwirira ziŵiri zija, nachikoloŵeka pa kamutuko, n'kubereka mtsuko kumsana. Ife timasenza pamutu, iwo ankabereka.

Mumtsukomo munkakhala moŵa wa chimanga wotchedwa chicha. Anthu akamagwira ntchito ya mfumu, monga kulima minda yake kapena kukonza miseu, ankapatsidwa chakudya ndi moŵa umenewu. Zikufanana ndi dima lathu, pamene mwini munda amafulula moŵa naitana anzake kudzalima. Mitsuko ya mtundu womwewu imapezeka kuyambira ku Ecuador mpaka ku Chile. Munthu akangouona ankadziŵa kuti moŵawo ndi wa mfumu ya ku Cusco.

Nyama zimene a Inca ankazilemekeza ndi izi.

Puma ndi mkango wa kumapiri, wocheperapo kuposa wathu, wopanda ubweya wautali wa m'khosi. Ndi chizindikiro cha mphamvu ndi ufumu. Mu mzinda wa Cusco, pamene timitsinje tiŵiri timakumana, amatchapo Pumachupan, ndiye kuti mchira wa puma.

Condor ndi mbalame yonga muimba. Ikatambasula mapiko imafika mamita 3. Imauluka pamwamba pa nsonga za mapiri, amene anthu a kumeneko amaŵalemekeza ngati mizimu.

Amaru ndi njoka yaikulu ya m'zikhulupiriro zao. Amaigwirizanitsa ndi madzi ndi za pansi pa nthaka. Kodi sizikukumbutsani Thunga? Dzinali linali laulemu, ndipo mfumu yomaliza ya a Inca inali Tupac Amaru.

Llama ndi chiŵeto cha khosi lalitali, mbale wake wa ngamira, koma chaching'ono ndi chopanda linunda. Chimanyamula katundu. Chimapatsa anthu nyama ndi ubweya, ndipo ndoŵe zake ndi manyowa ndi nkhuni. A Inca ankasema tizithunzi ta llama totchedwa conopa, tambiri ta mwala. Pamsana pake pankakhala kabowo. Mwini ziŵeto ankaikamo mafuta, nakasiya kubusa kapena kukhola ngati nsembe, kuti ziŵeto ziswane. Llama kwa iwo anali monga ng'ombe kwa Mngoni.

Panalinso timbale tosaya, tokhala ndi chogwirira choumbidwa ngati mutu wa mbalame. Pa mbiya zina adalembapo nsomba, mbalame ndi agulugufe.

Anthu a Inca ndi makolo athu sadaonanepo. Palibe adaphunzitsa mnzake. Koma onse anali alimi oyembekeza mvula, odalira ziŵeto, olira maliro. Onse adatenga nyama zimene ankaziona nazisenzetsa nzeru zao.

8. Chimene chidatayika

M'chaka cha 1532 asilikali a ku Spain, motsogozedwa ndi Francisco Pizarro, adagwira mfumu Atahualpa mu mzinda wa Cajamarca. Chaka chotsatira adaipha. Zithunzi za golide ndi siliva adazisungunula natumiza chumacho kwao. M'chaka cha 1572 adapha Tupac Amaru pabwalo la mu Cusco. Pambuyo pake akuluakulu a mpingo adayendera midzi nalanda tizithunzi ta conopa tambirimbiri, n'kutiononga. Wansembe wina, Pablo José de Arriaga, adalemba buku lofotokoza ntchito imeneyi m'chaka cha 1621.

Mitsuko yambiri idapulumuka, chifukwa inali m'manda ndi pansi pa nthaka. Lero ili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale m'maiko ambiri. Koma oiumba palibe adakhala nao pansi kuti alembe mau ao onse. Zimene zidalembedwa, zambiri adalemba ndi alendo olanda dziko.

Chifukwa cha ichi akatswiri amatsutsana mpaka lero. Ena amati mzinda wa Cusco udamangidwa m'maonekedwe a puma, ena amakana. Anthu ambiri ku Peru masiku ano amafotokoza kuti condor ndi wa kumwamba, puma ndi wa dziko lino, njoka ndi ya pansi pa nthaka. Akatswiri ena amati kufotokoza kumeneku kudakonzedwa pambuyo pake. Woumba urpu uja akadakhalapo akadathetsa mkanganowo ndi mau oŵerengeka. Koma adapita kalekale.

Kwathu kuno nakonso zoterezi zidayambika. Pa nthaŵi ya atsamunda, Nyau ndi chinamwali zinkanyozedwa ndi kuletsedwa m'malo ambiri. Ngakhale m'zaka zoyamba za ufulu, itapita 1975, panali ena onena kuti zonsezi n'za umbuli. Kenaka nkhondo idabalalitsa midzi, anthu ambiri a ku Angónia n'kuthaŵira ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere wa 1992. Agogo ambiri adaikidwa kuchilendo, pamodzi ndi zimene ankadziŵa. Lero ndoŵa za pulasitiki ndi mapoto achitsulo zaloŵa m'malo mwa mtsuko ndi mphika. Oumba akucheperachepera.

Sitikunena kuti zonse zakale zinali zabwino. Mwambo wochotsa mtsikana pasukulu n'kumukwatitsa ali mwana ndi woipa, ndipo uyenera kutha. Koma pochotsa nansongole sitizula ndi chimanga chomwe.

Pali chinthu china chochititsa manyazi. Mapanga ena a ku Chongoni adaonongeka ndi maina a anthu, olembedwa ndi makala ndi choko pamwamba pa zithunzi za makolo. Adachita zimenezi si anthu osaphunzira. Ndi anthu odziŵa kulemba. Dzanja limene tikuliphunzitsa m'kalasi muno likhoza kusunga, likhozanso kuononga.

Kusiyana kwa ife ndi a ku Peru ndi uku: oumba a Inca adatha zaka zoposa mazana anai zapitazo, koma athu ena akadalipo. Ena akhala m'kalasi muno. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tiŵafunse akadali moyo.

9. Tichitenji?

Choyamba, tikhale pansi ndi agogo a m'mudzi mwathu. Tiŵafunse nthano za nyama, maina a mbiya ndi maina a mizere ya pa mbiya. Tilembe m'kope, ndi dzina la mudzi ndi chaka.

Chachiŵiri, tilembe zokhazo zimene eni ake alola. Tiyambe tapempha kwa amfumu ndi kwa anamkungwi. Zachinsinsi zipitirire kuyenda m'njira yake, kuchokera kwa namkungwi kupita kwa namwali.

Chachitatu, tikapeza phanga la zithunzi tisalembemo maina. Tisasonkhemo moto, chifukwa utsi umadetsa mwala. Tisathire madzi pa zithunzi kapena kuzikhudza ndi manja. Tiuze abusa a ng'ombe zimenezi.

Chachinai, tikafukula mapale akale polima kapena poumba njerwa, tisaŵamwaze. Pansi pake palibe golide. Tidziŵitse amfumu ndi ofesi yoona za chikhalidwe ku boma.

Chachisanu, amai odziŵa kuumba aphunzitse ana ao. Madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'ndoŵa, ndipo nyemba za mumphika wadothi aliyense amadziŵa kukoma kwake. Tikagula mtsuko pamsika, tathandiza woumba kuti asaleke.

Amene angathe kuyenda akaone nyumba ya zinthu zakale ya Chamare ku Mua, m'boma la Dedza. Ili pamalo a zaluso a Kungoni, amene adayambitsa Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976. Kumeneko akusunga mbiri ndi miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao.

Amai ndi abambo, ife tikukuphunzitsani zilembo. Inu mutiphunzitse nyama. Tikaphatikiza ziŵirizi, adzukulu athu adzaona nsato ya pa mwala nadziŵa chimene ikunena.

Mau oti tiphunzire

nyama: nya-ma
nya nye nyi nyo nyu

mbiya: mbi-ya
mba mbe mbi mbo mbu

nsato: nsa-to
nsa nse nsi nso nsu

phale: pha-le
pha phe phi pho phu

Tiŵerenge pamodzi:
Amai aumba mbiya.
Mwana waumba ng'ombe ya dothi.
Nsato yalembedwa pa mwala.
Tisaononge phanga.

Mafunso

1. Tchulani mbiya zinai za pakhomo ndi ntchito zake.
2. Chifukwa chiyani ofukula zakale sapeza vilengo pansi pa nthaka?
3. Ndani adalemba zithunzi zofiira ku Chongoni? Nanga zoyera?
4. Ndani adathandiza ofufuza kumvetsa zithunzi za ku Mwana wa Chentcherere?
5. Kamutu ka nyama ka pa urpu kanali ndi ntchito yanji?
6. Kodi llama kwa a Inca akufanana ndi chiŵeto chiti kwa ife? Fotokozani.
7. Chifukwa chiyani akatswiri amatsutsana pa tanthauzo la nyama za a Inca?

Zokambirana m'magulu

Ndi miyambo iti ya m'mudzi mwathu imene tiyenera kusunga? Ndi iti imene tiyenera kusintha? Amai alankhule, abambo alankhulenso.

Kuŵerengera

A Inca adayamba kukula m'chaka cha 1438. Atahualpa adagwidwa m'chaka cha 1532. Padapita zaka zingati?

Mai wina waumba mitsuko 12. Pootcha yasweka 3. Yatsala ingati?

Ntchito ya kunyumba

Funsani munthu wachikulire nthano imodzi ya nyama. Lembani dzina la nyamayo, ndi ziganizo zitatu zonena chimene imaphunzitsa. Amene ali ndi dothi pafupi aumbe nyamayo, abwere nayo m'kalasi tsiku lotsatira. Tidzaziika patsogolo, ndipo aliyense adzalemba dzina la nyama yake pa bolodi.